Kapangidwe ka daruma ya mapepala yoti ikagwa izidzuka yokha

Daruma ndi chidole chozungulira cha ku Japan, chofiira, chopanda manja ndi miyendo, cha nsidze zochindikala ndi maso awiri oyera opanda mboni. Munthu akakhala ndi chinthu chimene akufunitsitsa, kaya ndi kukhoza mayeso kaya kuyambitsa bizinesi, amajambula mboni ya diso limodzi n'kuika chidolecho poonekera. Diso linalo limadikira tsiku limene chinthucho chidzatheke.

Ambiri oyesa kupanga daruma pakhomo amagwa pa zinthu zitatu. Ukaikankha imagona osadzukanso, chigoba chake chimakwinyika kapena kuchita chuku chisanaume, ndipo nkhope imatuluka ngati ya chidole wamba chifukwa nsidze ndi ndevu zangolembedwa mwachisawawa. Vuto loyambalo ndiye lalikulu. Mwambi umene daruma imaimira ndi wakuti nanakorobi yaoki, kugwa kasanu n'kawiri, kudzuka kasanu n'katatu, choncho daruma yosadzuka yasowa ntchito. Malangizo awa ndi a daruma yotalika masentimita 15, m'mimba mwake masentimita 13. Ntchito ya manja ndi ya maola owerengeka, koma kuphatikiza ndi kudikira kuti zinthu ziume, muwerengere masiku 10.

## Zofunika kukhala nazo

- Zibaluni ziwiri zozungulira. Chinacho ndi chosungira, poti zimaphulika.
- Masamba akuluakulu 10 a nyuzipepala yakale, ndi mapepala oyera osalembedwa asanu. Mapepala onyezimira a magazini ayi, samwa phala.
- Ufa wa tirigu theka la kapu, ndi mchere supuni yaikulu imodzi. Ufa wa chinangwa wosefa bwino umamatanso. Ufa wa chimanga, woyera kapena mgaiwa, sugwira.
- Guluu woyera wa akalipentala, kabotolo kamodzi.
- Manati kapena mawashala achitsulo olemera magalamu 150 mpaka 200, ndi mchenga wouma wosefa supuni zazikulu zinayi.
- Penti woyera wa madzi wopaka kukhoma, penti wofiira, wakuda, wagolide, ndi wachikasu pang'ono chabe.
- Burashi yophwatalala ya masentimita awiri, ndi ina yosongoka yolembera mizere.
- Sandipepa wa nambala 180 kapena 220, lezala, tepi ya pepala, ulusi, pensulo, kapu yotakasuka kukamwa, chitsekerero cha botolo la chakumwa, ndi sikelo ya kukhitchini ngati ilipo.

## Phala ndi chibaluni

1. Phikani phala lomatira. Sungunulani theka la kapu ya ufa m'kapu imodzi ya madzi ozizira mpaka mibulu yonse ithe. Thirani zimenezi m'kapu imodzi ndi theka ya madzi owira, n'kumatakasa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka lifanane ndi phala la mwana wakhanda. Phulani, thirani mchere, ndipo likazizira onjezerani supuni ziwiri za guluu. Mcherewo umachedwetsa chuku. Chenjezo: musathire ufa wouma m'madzi owira, umachita mibulu imene idzaoneka ngati tizilonda pansi pa penti. Phala likagona masiku awiri n'kuyamba kununkha mowawasa, litayeni.

2. Ng'ambani mapepala ndi manja. Tizidutswa tikhale masentimita awiri kapena atatu m'lifupi, 10 m'litali. Nyuzipepala imang'ambika mowongoka mbali imodzi yokha, ndiye yesani kaye mbali zonse ziwiri. Musadule ndi sizasi. Pepala long'amba limakhala ndi m'mphepete mofewa mmene mumamira m'linzake, pamene lodula limasiya mizere yotukuka imene ngakhale sandipepa amavutika nayo.

3. Pemererani chibaluni. Zungulizani ulusi pamene chafufuma kwambiri, ndipo ulusiwo ukwane masentimita 40 kapena 41. Musachidzaze mpaka kulimba gwa. Chibaluni chofewerapo chimakhala chozungulira, chodzaza kwambiri chimatalika ngati peyala, ndipo daruma yaitali imavuta kudzuka. Mbali yaikulu yozungulira ndiyo pansi pa daruma, kumfundo ndiko kumutu.

## Kumata chigoba

4. Matani maulendo awiri oyamba. Ulendo umodzi ndi kukuta chibaluni chonse ndi mapepala kamodzi. Khazikani chibaluni pakapu, mfundo ili pansi. Viikani kachidutswa m'phala, kadutsitseni pakati pa zala ziwiri kuti phala lochuluka libwerere m'mbale, kenako kayaleni pachibaluni n'kusalaza ndi chala. Kachidutswa kalikonse kakwere pang'ono pa kanzake. Mukamaliza theka, tembenuzani n'kumata mbali ya kumfundo, koma siyani bowo la masentimita anayi kuzungulira mfundoyo. Bowoli ndi lodzalowetsera manati. Ulendo woyamba tizidutswa tiyende chotsika, wachiwiri chopingasa. Kusinthanitsaku n'kumene kumalimbitsa chigoba, monga mmene mkeka umalimbira.

Pepala lizikhala lonyowa koma losadontha. Mukaona phala likuyenderera pachibaluni, lachuluka, ndipo chigobacho chidzatenga masiku kuti chiume.

5. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo. Mangani ulusi pamfundo n'kupachika pakhonde kapena pafupi ndi zenera. Apa ndi pamene ambiri amaonongera ntchito chifukwa cha phuma. Padzuwa, mpweya wa m'chibaluni umafufuma n'kung'amba chigoba. Kukazizira usiku chibaluni chimanyala, ndipo chigoba chikakhala chikadali chonyowa chimatsatira n'kukwinyika. Choncho matani m'mawa kuti pofika madzulo chikhale chitalimba, ndipo usiku chilowetseni m'nyumba.

Mzinda wa Takasaki m'chigawo cha Gunma, umene umapanga pafupifupi 80 peresenti ya madaruma a ku Japan, umathandizidwa ndi mphepo youma ya nyengo yozizira yotchedwa karakkaze. Chofunika ndi mphepo youma, osati kutentha. Kwathu kuno miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo yabwino pa ntchitoyi. M'nyengo ya mvula kapena masiku a chiperoni, chepetsani phala la ufa n'kugwiritsa ntchito guluu wosungunula, magawo awiri a guluu ndi gawo limodzi la madzi.

6. Onjezerani mpaka maulendo asanu ndi limodzi. Matani awiriawiri, n'kumadikira tsiku lathunthu pakati pake. Ulendo womaliza ukhale wa mapepala oyera, kuti zolemba za nyuzipepala zisadzaonekere. Pansi penipeni, pamalo okula ngati chikhatho, onjezerani maulendo ena awiri, chifukwa ndi pamene padzasenze zitsulo ndi kumenyeka patebulo. Kumutu musaonjezere kanthu. Galamu iliyonse ya kumtunda ndi mdani wa kudzuka.

Kuti mudziwe ngati chauma, gogodani ndi chikhadabo ndipo chilire ngati chipanda chouma. Chikhudzitseninso kutsaya. Chikamazizira, m'kati mukadali chinyezi, ngakhale kunja kukuoneka kouma.

7. Tulutsani chibaluni pang'onopang'ono. Gwirani mfundo ndi zala, bowolani kabowo kakang'ono pafupi nayo, mpweya uzituluka mwapang'ono. Mudzamva chibaluni chikumatuka m'kati. Mukachiphulitsa ndi singano, chimakoka makoma mwadzidzidzi ndipo chigoba chikhoza kuphwanyikira m'kati. Ngati khosi la chigoba lasongoka kwambiri, lidulireni ndi lezala kuti kumutu kudzakhale kozungulira.

## Cholemetsa cha pansi

Gawo ili ndilo mtima wa ntchito yonse. Daruma imadzuka chifukwa kulemera kwake kwasonkhana pansi penipeni pa thupi lozungulira. Ikapendekeka, cholemetsacho chimakwera m'mwamba, ndipo pofuna kubwerera pansi chimadzutsa thupi lonse. Amisiri a ku Takasaki amamata chimbale cha dongo kunsi kwa chidole, chimene amachitcha hetta. Pakhomo, zitsulo za m'kati zimapambana dongo, poti ndi zolemera koma zosatenga malo, ndipo sizing'aluka pouma.

8. Pimani. Ikani chigoba pasikelo. Cholemetsa chikhale cholemera katatu kapena kupitirira kuposa chigobacho. Chigoba cha magalamu 55 chimafuna zitsulo ndi mchenga zokwana magalamu 170 mpaka 200. Popanda sikelo, nyamulani chigoba dzanja lina, manati dzanja lina, ndipo kusiyana kwake kuzimveka kosakayikitsa.

9. Tsekani m'kati ndi guluu. Thirani supuni ziwiri za guluu wosasungunula pabowo, zungulizani chigoba kuti guluuyo akute pansi ponse, n'kusiya usiku umodzi. Mukadumpha sitepe iyi, chinyezi cha sitepe yotsatira chifewetsa phala la ufa ndipo pansi padzabonyoka.

10. Khazikani chigoba mowongoka, kenako lowetsani zitsulo. Chiikeni pakapu ndipo muchiyang'ane kuchokera kutsogolo ndi kumbali, mukuyerekeza ndi felemu ya chitseko. Mmene chakhalira panthawi imeneyi ndi mmene daruma idzaimire moyo wake wonse. Ponyani manati limodzilimodzi, n'kuwayala ndi kamtengo kuti agone pansi osaunjikana. Pindani pepala ngati fanulo, thirani mchenga wouma kuti udzaze mipata ya pakati pa manati. Pomaliza donthezani guluu wosakaniza ndi madzi pang'ono, magawo atatu a guluu ndi limodzi la madzi, mpaka mchenga wonse unyowe koma osasambira. Zonse pamodzi zisakwere kupitirira masentimita atatu kuchokera pansi.

Siyani bowo lotsegula masiku awiri kapena atatu. Musasunthe kapu. Simenti kapena matope onyowa musayese, madzi ake ndi ambiri moti chigoba cha pepala sichipirira.

11. Yesani musanatseke. Pukusani kaye, ndipo pasamveke kanthu kogwedera. Kenako ikani patebulo, igonekeni chafufumimba, chagada ndi mbali zonse ziwiri, n'kuisiya. Iyenera kudzuka nthawi zonse, mwamphamvu, osati monyinyirika, chifukwa mphuno ndi mkombero wa nkhope zikubwera kudzaonjezera kulemera kumtunda. Ikamachedwa, onjezerani manati awiri kapena atatu ndi guluu. Ikapendekera mbali imodzi kwambiri, matani washala mbali inayo. Ikangopendekera pang'ono, musavutike: mbali imene yayang'ana kumwamba ndiyo muikepo nkhope, kulemera kwa mphuno kudzaiwongola.

Kuyesa kotereku ndi mwambo ku Aizuwakamatsu m'chigawo cha Fukushima. Pamsika wa pa 10 Januwale anthu amagula tizidole todzuka tokha totchedwa okiagari-koboshi, ndipo asanalipire amatiponya pansi n'kusankha tokhato taimirira. Amagula tokwana anthu a m'banjamo n'kuonjezera kamodzi, pofunira banjalo kukula.

12. Tsekani bowo ndi kukonza pokhalira. Dulani kachidutswa kozungulira ka katoni yopyapyala, kapindeni pang'ono kuti katukuke, kagwirizeni ndi tepi, n'kumatapo maulendo anayi a tizidutswa tating'ono. Zikauma, kwechesani pansi pa daruma pa sandipepa woyala patebulo mpaka papezeke pophwatalala pa masentimita awiri kapena atatu. Apa ndi poti izikhazikika pashelufu osagubuduka. Mukakulitsa kwambiri, mwadya kuzungulira kumene imadzukira.

## Kuumba nkhope

13. Lembani malire a nkhope. Ndi pensulo jambulani dzira logona, masentimita 9 m'lifupi ndi 7 kutsika, kuyambira masentimita awiri pansi pa liwombo. Potani nyuzipepala ngati chingwe chonenepa sentimita imodzi, chimateni motsata mzerewo, n'kuchikuta ndi maulendo awiri. Mkombero umenewu ndi m'mphepete mwa mkanjo, chifukwa thupi lonse lofiiralo ndi munthu wodzifunditsa mkanjo mpaka kumutu. Pa mphuno, viikani pepala lofewa m'phala, umbani kukula ngati mtedza wa makoko, matani pakati pa nkhope motsikirapo, n'kukuta. Dikirani tsiku.

Musaonjezere manja, miyendo kapena makutu. Daruma ikuimira Bodhidharma, mmonke wa Chibuda amene amati anabweretsa chiphunzitso cha Zen ku China cha m'ma 500. Nthano imati anakhala pansi zaka 9 atayang'ana khoma pafupi ndi kachisi wa Shaolin mpaka manja ndi miyendo zinafota, ndipo tulo titamugwira anadula zikope zake kuti asadzagonenso. N'chifukwa chake maso a daruma ndi otong'oka, opanda zikope.

## Penti

14. Woyera kaye. Kwechani zotukuka zonse ndi sandipepa mopepuka, pukutani fumbi, pakani penti woyera thupi lonse. Akauma kwechaninso, n'kupakanso. Kawiri n'kokwanira, katatu n'kwabwino. Ku Japan ntchito imeneyi amagwiritsa gofun, ufa woyera wa zigoba za m'nyanja wosakaniza ndi guluu. Mukafuna kusalala kofanana nako, perani choko zinayi n'kusakaniza ndi supuni ziwiri za guluu ndi madzi pang'ono, mupake musanapake penti. Wofiira wopaka mwachindunji panyuzipepala amatuluka woderako ngati njerwa.

15. Wofiira. Pakani thupi lonse ndi mkombero, kusiya nkhope. Pakani mopyapyala kawiri, osati mochindikala kamodzi, chifukwa penti wochuluka amayenderera n'kuuma ndi misozi. Yambani kunsi daruma ili chadodolido pakapu, akauma itembenuzeni.

Mtundu wofiira ndi wa mkanjo wa mmonke, komanso m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, anthu ankakhulupirira kuti kufiira kumateteza ku nthomba, moti ana odwala ankawaikira madaruma pafupi. Masiku ano m'masitolo muli agolide, oyera, obiriwira ndi ena, ndipo matanthauzo ake amasiyana malinga ndi wogulitsa. Yoyamba ikhale yofiira. Ndiyo aliyense amaizindikira.

16. Khungu la nkhope ndi zoyera za maso. Ikani chitsekerero cha botolo mbali zonse ziwiri za mphuno, m'mwamba pang'ono, n'kulemba mozungulira ndi pensulo. Pakati pa maso awiriwo patsale sentimita imodzi ndi theka. Sakanizani woyera wambiri ndi kadontho ka wofiira ndi ka wachikasu, pakani nkhope yonse kusiya m'masomo. Akauma, zungulizani diso lililonse ndi kamzere kakuda kopyapyala. M'kati musalembemo kanthu.

17. Nsidze ndi ndevu. Apa ndi pamene daruma imasiyana ndi chidole wamba, ndipo ndi pofunika kudekha. Pa daruma ya ku Takasaki nsidze ndi mbalame ziwiri zotchedwa tsuru, za khosi lalitali ndi miyendo yaitali monga kakowa koma zazikulu, ndipo ndevu ndi kamba. Dzina lake m'Chijapani ndi kame, losatalikirana kwenikweni ndi lathu. Ajapani amati tsuru amakhala zaka 1,000, kamba zaka 10,000, choncho nkhopeyo yanyamula mafuno a moyo wautali.

Pa nsidze, yambani pamwamba pa mphuno ndi kamzere kopyapyala kokhota, ndiko khosi ndi mlomo wa mbalame. Kuchokera apo kokani mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yopita kunja ndi m'mwamba, uliwonse uyambe wonenepa n'kuthera wosongoka, ngati nthenga za phiko lotambasula. Mbalame ziwirizo ziyang'anizane. Pa ndevu, yambani pambali pa mphuno ndi kamzere kozungulira kochindikala, ndiko chigoba cha kamba, kenako mizere yokhota yotsika m'masaya mpaka kumkombero.

Yesererani papepala kakhumi musanakhudze daruma. Mzere uliwonse ukokedwe kamodzi, burashi ikutsindika poyambira n'kunyamuka pothera. Mukabwereza kuti mukonze, nthenga zimasanduka banga lakuda. Penti akhale wolimbirapo ngati uchi, osati wamadzi. Amene mumalemba ndi dzanja lamanja yambani mbali ya kumanzere kwanu, kuti dzanja lisafute zimene mwalemba. Mukalakwitsa, dikirani aume, pakanipo wa khungu kawiri, muyambirenso.

Pakamwa ndi kamzere kofiira kotseka, kokwera pakati n'kutsika m'mbali ngati kaphiri. Daruma simwetulira.

18. Golide. Mbali zonse ziwiri za mimba kokani mizere itatu yokhota yotsika, ngati makwinya a mkanjo. Pamimba ku Takasaki amalemba 福入, kuwerenga kwake fukuiri, kutanthauza kuti mwayi walowa. Pambali pa nkhope, pamapewa, amalemba chofuna cha mwini wake, monga kanai anzen, mtendere wa pabanja, kapena shobai hanjo, kuyenda bwino kwa malonda. Chilembo cha 福 chili ndi mizere 13, ndipo mukasiya umodzi kapena kuupotoza chimakhala chosawerengeka. Ngati simunazolowere, lembani mawu anu m'Chichewa. "Mayeso" wolembedwa bwino aposa chilembo chachilendo cholakwika.

Mukafuna kupaka vanishi, dikirani tsiku lathunthu, ndipo zoyera za maso muzilambalale. Penti wa mboni sagwira pa vanishi, amangochita timadontho n'kutsetsereka.

## Kutsegula diso

19. Sankhani chinthu chimodzi. Daruma imodzi, cholinga chimodzi, ndipo chikhale choti tsiku lina mudzathe kunena kuti chatheka. "Kumaliza kufolera nyumba mvula isanagwe" ndi cholinga. "Kukhala bwino" si cholinga, diso lachiwirilo simudzadziwa tsiku lolijambula.

20. Jambulani diso la kumanzere kwa daruma. Mukayang'anizana nayo, limeneli lili kudzanja lanu lamanja. Apa ambiri amasokoneza. Igonekeni chagada pakapu, wina aigwire poti ifuna kudzuka, ndipo ndi penti wakuda wochepa paburashi jambulani mboni yodzaza magawo awiri mwa atatu a choyeracho. Isiyeni chogona mpaka aume. Mukajambula ili chiimire, penti amatsika patsaya ndipo daruma imaoneka ngati ikulira. Andale a ku Japan amachita zomwezi ndi madaruma akuluakulu nthawi ya chisankho, diso lina poyamba kampeni, linalo akapambana.

21. Iikeni pamwamba, poonekera. Ajapani ambiri amaiika pashelufu yapamwamba itayang'ana kum'mawa kapena kum'mwera. Chachikulu n'chakuti muziiona tsiku lililonse, diso losowalo lizikukumbutsani ngongole yanu. Padzuwa ayi, wofiira amasuluka msanga kuposa mitundu ina. Pachinyezi ayinso.

22. Chaka chikatha. Cholinga chikatheka, jambulani diso linalo. Mwambo wa ku Japan ndi wosunga daruma chaka chimodzi, kenako kuibweza kukachisi kuti ikatenthedwe mothokoza, kaya cholinga chatheka kaya ayi, n'kugula yatsopano. Ena amagula yokulirapo zikayenda bwino. Kachisi wa Nishiarai Daishi ku Tokyo amatentha madaruma pa 3 Febuluwale, ndipo msika wa pakachisi wa Shorinzan Darumaji ku Takasaki umachitika pa 6 ndi 7 Januwale. Pakachisi ameneyu ndi pamene ntchitoyi inayambira m'deralo: phiri la Asama litaphulika mu 1783 njala n'kugwa, wansembe Togaku anaphunzitsa alimi kuumba madaruma a mapepala pa zikombole za mtengo kuti azipeza kangachepe. Yanuyo mukafuna kuitentha, ng'ambani pansi muchotse zitsulo, ndipo mutenthere panja chifukwa cha utsi wa penti.

## Zolakwika zofala

Kumata cholemetsa chigoba chili chopendekeka. Guluu akauma palibe chobweza. Daruma yoyang'ana pansi kapena yotsamira kumbali nthawi zambiri inalakwika pa sitepe 10, osati pankhope.

Kuunjika cholemetsa. Miyala kapena mchenga wokha umafuna malo ambiri kuti ulemere, ndiye umakwera mpaka pakati pa mimba. Daruma yotero imalemera m'manja koma ikagona imagoneratu. Kulemera kokha sikudzutsa, koma kulemera kumene kuli pansi.

Kutseka bowo m'kati muli chinyezi. Pakapita masabata awiri pamatuluka timadontho takuda pansi pa penti ndi fungo la chuku. Ikafika apo njosachiritsika.

Kuiwala makoswe ndi mphemvu. Phala la ufa ndi chakudya. Chigoba chosiyidwa pansi usiku chimadzuka chili ndi mabowo. Chipachikeni pa ulusi nthawi yonse youmitsa, ndipo penti akute paliponse, ndi kunsi komwe.

Maso aang'ono. Anthu amaopa kukulitsa, koma maso ang'onoang'ono amachititsa nkhope kuoneka ya tulo, zosemphana ndi munthu amene anadula zikope. Chitsekerero cha botolo ndicho muyezo wocheperatu pa daruma ya msinkhu uwu.

Kuikamo zinthu m'kati. Ena amaganiza kuti daruma ndi chithumwa choti muikidwe mankhwala kapena kalata. M'kati mwake mulibe kanthu koma cholemetsa. Chimene chimakhala ndi pemphero lotsekeredwa ndi omamori, kathumba ka nsalu kogulidwa kukachisi, kamene eni ake satsegula n'komwe. Daruma ndi ya gwero la Chibuda, ndipo ku Japan ena amakaidalitsa kwa wansembe pamene ena amangoigula m'sitolo ngati chikumbutso cha lonjezo. Mukafuna kupatsa munthu, ndi bwino adziwe zimenezi.

Kusakaniza zizindikiro. Dzanja lokweza m'mwamba ndi ndalama yagolide pamimba ndi za maneki-neko, mphaka woitana makasitomala ndi chuma. Mfundo zofiira za ulusi ndi ndalama zabowo pakati ndi za ku China. Chilichonse chili ndi nkhani yake, ndipo mukaziunjika pa daruma palibe chimene chimawerengeka.

Kupereka mphatso ya maso ojambula kale. Daruma ya mphatso imaperekedwa maso onse awiri ali oyera, chifukwa lonjezo ndi la wolandirayo. Ndipo ngati wolandirayo ndi Mjapani, musampatse zinayi. Mawu akuti shi, amene ndi nambala 4, amamveka chimodzimodzi ndi mawu otanthauza imfa.